Amisiri amene anakana kutseka mtsinje wonse: ndemanga yanga patatha zilimwe ziwiri

Ndine msungichuma wa kalabu ya ulimi wamthirira kuno ku Nkhotakota, kumtunda pang'ono kwa msewu wa M5, pa kamtsinje kena kamene kamathira mu Bua. Anzathu a makalabu ena akhala akundifunsa, ena pafoni ena pamsika, za amisiri amene anatimangira damu lathu mu 2023. Funso lawo ndi limodzi: kodi ndalama zanu sizinalowe m'madzi? Ndaona kuti ndilembe kamodzi, aliyense awerenge yekha. Dzina la kampaniyo sinditchula, chifukwa zolakwa zawo ndizinenanso pano.

Kale tinkachita chimene ambiri amachita. Ikafika Julayi, amuna ankadzaza mchenga m'matumba a feteleza n'kutchinga kamtsinje konse, tsidya lino mpaka tsidya lija, kenaka n'kumata ndi dothi lamakande kuti pasadonthe. Madzi onse ankakhotera m'ngalande yathu. Tinkakolola bwino ndithu: chimanga chachiwisi, tomato, anyezi, mpiru. Za kumunsi sitinkaziganiza.

Mu Okutobala 2022 mayi wina wachikulire wa mudzi wakumunsi anabwera kwathu m'mawa, ine ndikusesa pabwalo. Mpando anaukana. Anangoti, "Mwana wanga, tiye ukaone." Tinatsika mpaka padziwe la pamkuyu, pamene amayi amachapira. Madzi anali atabiriwira, pamwamba pali ndere zokhuthala ngati phala. Matemba anali atayandama mimba zili m'mwamba, ena akupumira movutika m'mphepete, ana akuwatola ndi manja n'kumaponya m'mbale. Fungo lake linali la chithaphwi chowola. Ndinaviika dzanja, madzi ofunda ngati osamba khanda. Mayi aja anandiyang'ana n'kunena kuti, "Madzi mwatenga onse. Ife timwe fumbi?" Ndinasowa poponda.

Zinandipweteka kwambiri chifukwa ine ndine mwana wa msodzi. Bambo anga anatilera ndi mpasa wa mu Bua. Amene sanadyepo mpasa wootcha wa mafuta ake, wongovuula kumene, sangamvetse chifukwa chimene anthu a kuno timaunenera ndi ulemu. Nsomba imeneyi imapezeka m'nyanja ya Malawi ndi mitsinje yake basi. Imakulira kunyanja, koma kuswana imakaswanira kumtsinje: imakwera Bua, Linthipe, Dwangwa, North Rukuru, kufunafuna malo osaya a timiyala, pamene madzi ake ndi oyera, ozizira komanso othamanga. Matope akakwirira timiyala tija, mazira amabanika. Ana ake amakhala mumtsinje miyezi ingapo asanatsikire kunyanja, ndiye kuti amafuna madzi oyenda m'nyengo yomweyo imene ife alimi timawafunitsitsa. Bua amachokera kutali ku Mchinji, ndipo chimene chathandiza kuti mpasa uzipezekabe n'chakuti asanafike kunyanja amadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, ija akuyang'anira a African Parks kuyambira 2015, kumene kulibe khasu m'mphepete mwa madzi. Ntchila bambo ankaikamba ngati nsomba yodzaza mabwato kale. Ana anga sanaionepo pambale.

Choncho pamene tinagwirizana zosiya matumba n'kumanga chipupa cha simenti, ine ndinali kale ndi nkhawa ya kumunsi, ngakhale njira yake ndinaiona koyamba kwa amisiriwa.

Tinaitana magulu atatu kuti atiuze mitengo. Awiri anayang'ana malo, kuyeza ndi tepi m'lifupi mwa mtsinje, n'kutchula matumba a simenti. Gulu lachitatu, la bambo mmodzi wa imvi ndi anyamata awiri, linachita zachilendo. Bamboyo anavula nsapato, anapinda buluku, n'kulowa m'madzi kumtunda kwa matumba athu. Anakhoma zikhomo ziwiri motalikirana mamita 10, anapempha chitsononkho, anandipatsa foni yake kuti ndiziwerenga masekondi. Chitsononkho chija anachiponya kasanu. Kenaka anayeza kuya kwa madzi ndi ndodo malo angapo, kuchoka gombe lino kufika linalo, mnyamata akulemba m'kabuku. Aka kanali koyambirira kwa Novembala 2022, mvula isanagwe, madzi atachepetsetsa. Anati kamtsinje kathu kakupereka pafupifupi ndowa imodzi ya malita 20 pa sekondi. Mtengo anakana kutchula tsiku limenelo. Anabweranso mu Juni, pamene chitsononkho chinkatha mamita 10 aja m'masekondi 40, madzi ali otambalala mamita awiri, ndipo kuwerengera kwake kunatuluka ndowa zitatu pa sekondi. Anabweranso mu Ogasiti. Maulendo onsewa sanatilipiritse china kupatula thiransipoti, ndipo apa ndikuwayamikira ndi mtima wonse. Mmisiri amene amayamba wamvetsera mtsinje asanagule simenti ndi wosowa.

Pulani imene anabweretsa ndi imene inautsa mapokoso. Chipupa chinali chachifupi, cholekeza m'chiuno. Chapambali anasiya mpata wotambalala ngati masentimita 30, ndipo pansi pa mpatawo anapatsitsa kuposa pakamwa pa ngalande yathu. Tanthauzo lake n'lakuti madzi akachepa, mtsinje ndiwo uyambe kumwa, ngalande itenge otsala. Pampatapo anakana kuikapo geti kapena loko, akuti chimene chili ndi chitseko tsiku lina munthu adzachitseka usiku. Kumunsi kwa mpata anati ayala miyala ikuluikulu motsetsereka, yosiya timaiwe tating'ono, kuti nsomba zizikwera zikupumira m'njira m'malo molumpha khoma. Pakati pa chipupa anaikapo geti ya matabwa yozula nthawi ya dzinja, kuti madzi osefukira azidutsa ndi mchenga wawo. Pakamwa pa ngalande, sefa ya waya yoletsa tiana ta nsomba kulowa m'minda. Pomaliza, lula yoonetsa kuya kwa madzi, yopenta pachipupa: pobiriwira, pachikasu, pofiira.

Pamsonkhano a tcheya athu anaimirira n'kufunsa kuti, "Bambo, ndiye tikulipireni ndalama zonsezi kuti madzi azitidutsa tikuona?" Anthu anaombera m'manja. Bambo wa imvi uja sanakwiye. Anati, "Akuluakulu, chipupa chotseka konse ndikhoza kumanga m'masabata atatu, koma sindimanga. Zaka ziwiri kumbuyo kwake kudzadzaza mchenga, ngalande yanu idzauma, ndipo akumunsi adzabwera ndi makasu kudzagumula." Anafotokozanso kuti madzi oima amatentha msanga, ndipo madzi otentha sasunga mpweya wokwanira nsomba, n'chifukwa chake matemba aja ankapumira pamwamba. Anatchulanso nkhono za likodzo ndi udzudzu, zimene zimakonda madzi odekha. Apa amayi ambiri anatembenuka mtima, chifukwa ana okodza magazi tawaperekezapo kuchipatala tonsefe. A mfumu anamaliza nkhani ndi mawu ochepa: madzi saiwala khwawa, tiwasiyire njira yawo. Tinavota, ndipo mbali ya mpata inapambana ndi mavoti ochepa chabe.

Anatithandizanso kulemba mafomu opempha chilolezo chopatutsa madzi ku National Water Resources Authority, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la za madzi la 2013. Ambirife tinkayesa kuti mtsinje wodutsa m'mudzi mwako ungathe kuupatutsa mmene wafunira. Amisiri ena awiri aja za chilolezo sanazitchule n'komwe.

Tsopano zimene ndaona ndi maso anga. Chilimwe cha 2024 chinali chowawa, chaka cha El Niño chija boma linalengeza kuti maboma 23 ali pangozi ya njala. Ngakhale zinali choncho, mpata uja sunaume tsiku ndi limodzi lomwe. Mu Okutobala madzi ake anali ochepa, ongokwirira chikhatho, koma ankayenda, ndipo dziwe la pamkuyu linakhala loyera mpaka mvula. Ndinapitako dala tsiku lina masana dzuwa lili paliwombo. Pansi pankaoneka timiyala. Nditatembenuza mwala umodzi ndinapeza tizilombo tating'ono tokanirira kunsi kwake, tija nsomba zimadya, komanso nkhanu inathawira pansi pa muzu. Atombolombo anali mbwee pamwamba pa bango. Amayi anali kuchapa, wina akutsuka mapoto. Mayi wachikulire uja anandipatsa moni wa manja awiri, n'kundifunsa za ana.

Chimene sindidzaiwala ndi cha mu Disembala chaka chomwecho, mvula yoyamba yamphamvu itagwa usiku. M'mawa mwana wanga wamwamuna anabwera akuthamanga, "Amayi, bwerani mudzaone!" Pamiyala yoyalidwa ija panali piringupiringu. Matemba ankakwera m'magulu, kuima pakadziwe kamodzi, kenaka n'kuthamangira kotsatira. Milamba iwiri ikuluikulu inkakwawa m'mbali ngati njoka, misana ili pamtunda. Tinaima pamenepo mpaka dzuwa kukwera, anthu osayankhula zambiri. Pa nthawi ya matumba nsombazi zinkadikira kuti madzi agumule okha mpanda wathu, ndipo zambiri zinkathera m'manja mwa ana kumunsi kwake. Miyezi yozizira ya chaka chino anyamata aonanso sanjika ndi ningwi kumtunda kwa damu. Mpasa weniweni sindinauonepo m'kamtsinje kathu, ndipo amisiriwo sanatilonjeze zimenezo, kamtsinjeka n'kakang'ono. Koma madzi amene timawalola kudutsa amakathera mu Bua momwemo, oyera, m'miyezi imene ana a mpasa ali mumtsinje.

Geti ya matabwa nayo yagwira ntchito imene ananena. Tikaizula mu Disembala, madzi a dzinja amakokolola mchenga wonse wounjikana kumbuyo kwa chipupa. Anzathu ena a tsidya la Kaombe amene anamanga chotseka konse amakhalira kufukula mchenga ndi mafosholo chaka ndi chaka.

Zolakwa zilipo, ndipo zina zinatidyera ndalama.

Choyamba ndi kuchedwa. Tinapangana kuti ayamba kumayambiriro a Seputembala 2023 n'kumaliza m'masabata asanu ndi limodzi. Anayamba mochedwa, kenaka anasowa masabata awiri athunthu ali ku ntchito ina, foni osayankha. Simenti yotsala tinali tisanagule, ndiye mu Novembala ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo m'masitolo n'kulumpha sabata yomweyo. Ine ndi amene ndinayenda khomo ndi khomo kupempha mamembala kuti asonkhenso, ena atagulitsa kale nkhuku zawo pa chopereka choyamba. Akanasunga nthawi, mtolo umenewu sukanatigwera. Kupepesa anapepesa, koma pamtengo wa ntchito yawo sanachotsepo kanthu.

Chachiwiri, khoma lotchinjiriza gombe la kumanzere analifupikitsa. Kumapeto kwa Febuluwale 2024, masiku amene Dwangwa anasefukira n'kusamutsa anthu ambirimbiri, kamtsinje kathu nakonso kanakwiya. Chipupa chenicheni chinapirira, osang'aluka ngakhale pang'ono, koma madzi anazungulira kumapeto kwa khoma lija n'kudya gombe pafupifupi mamita atatu, pamodzi ndi nthochi za membala wina. Anabwera kudzakonza titawaimbira kambirimbiri, ndipo miyala ndi mchenga tinatuta tokha pamutu. Ntchito yokonzayo sanalipiritse. Anatilangiza kubzala vetiva, bango ndi nsungwi pamenepo, komanso kusiya kulima mpaka m'mphepete mwenimweni, ndipo gombelo lagwira tsopano. Komabe munthu amene anayeza madzi a chilimwe mosamala chotere anayenera kufunsanso akuluakulu a m'mudzi pamene madzi a dzinja amalekeza. Akanamuonetsa zinyalala zokodwa m'nthambi za mkuyu.

Matabwa a geti anali aawisi. Atauma anapindika, n'kumadontha m'mipata, moti tinagula ena kwa kalipentala wa pa boma. Sefa ya waya imatsekeka ndi masamba, makamaka nthawi ya mwera, ndipo imafuna munthu woichotsa zinyalala m'mawa ndi madzulo. Izi sanatiuze pachiyambi. Tinazindikira tokha ngalande itaphwa tsiku lonse, anthu n'kuyamba kulozana zala kuti wina waba madzi.

Pali vuto lina limene iwo sanaliganizire, koma ine mwana wa msodzi ndinayenera kuliona msanga. Nsomba zonse zikamadutsa pampata umodzi wopapatiza, malowo amasanduka msampha. Sabata yoyamba yomweyo tinapeza mono watcheredwa pakamwa pa mpata, tsiku lina neti ya udzudzu yoyalidwa pamiyala, yodzaza tiana ta nsomba tosakwana n'chala chomwe. Bambo anga ankadana ndi biyo wotseka mtsinje wonse pa chifukwa chomwechi: ankati wogwira nsomba ya mazira wadya ndiwo za chaka chamawa. Tinapita kwa a mfumu limodzi ndi alangizi a za nsomba, ndipo analamula kuti pasapezeke mono, ukonde kapena katupe pa damu ndi mayadi angapo kumtunda ndi kumunsi kwake. Wopezeka alipe mbuzi. Anthu a ku Salima amadziwa mmene chilumba cha Mbenji chasungira nsomba zake zaka zambiri chifukwa cha malamulo a mfumu otseka usodzi nthawi ya dzinja, ndiye nkhani yotere si yachilendo kuno kunyanja. Chilamulireni, wagwidwapo munthu mmodzi yekha. Amisiri akamapereka damu lotere ayenera kunena za mlonda ndi lamulo la mudzi tsiku lomwelo.

Ndinenenso za mtengo umene sulembedwa pa lisiti. Mpata uja umatenga madzi amene kale anali athu. Lula ikafika pachikasu timathirira mosinthana, mbali imodzi lero, ina mawa. Ikafika pofiira, kawirikawiri kumapeto kwa Okutobala, ngalande imangolandira madzi ochepa kwambiri, ndipo timatsegulira usiku ndi m'bandakucha pokha. Munda wanga uli kumchira kwa ngalande. Mu 2024 tomato wanga wa mizere isanu ndi umodzi anafota ali ndi maluwa, ine ndikumva madzi akulira pampata. Usiku wina ndinagona ndikuganiza zokaikapo thumba limodzi lokha la mchenga. Sindinapite, koma ndikumvetsa amene angapite. Chaka chino tinaphunzirapo: tinabzala msanga, mu Meyi ndi Juni, kuti mbewu zofuna madzi ambiri zikhwime kusanatenthe, tinaphimbira mabedi ndi udzu, ndipo malo othirira mu Okutobala tinawachepetsa. Zokolola zanga zabwerera pafupi ndi zakale. Amisiriwo akanatisiyira ndondomeko imeneyi yolembedwa m'Chichewa, chaka choyamba sichikanatipweteka chotere. Anangotiuza pakamwa tsiku lotsegulira, anthu ali m'chisangalalo, ndipo zambiri zinauluka ndi mphepo.

China chimene damu silingathe kukonza ndi mapampu. Kumtunda kwathu anthu agula mapampu a sola ndi a petulo, ndipo onse amayatsa nthawi imodzi dzuwa likakwera. Masana lula imatsika ndi zala ziwiri, madzulo n'kubwerera. Kutsika kwadzidzidzi kotere kumasiya tiana ta nsomba pamchenga m'mphepete. Takambirana nawo kawiri kuti azisinthana maola ndiponso amange kansalu ka sefa kukamwa kwa paipi. Ena amva, ena ayi. Nkhaniyi ili m'manja mwa a gulupu.

Ndiye kwa amene mukundifunsa ngati mungawaitane amisiri amenewa: inde, aitaneni, kapena ena alionse amene amagwira ntchito mwa njira yomweyi. Pa 10 ndikuwapatsa 7. Atatu ndachotsa chifukwa cha kuchedwa, khoma lalifupi lija, ndi kutisiya opanda malangizo olembedwa. Mtengo wawo unaposa wa anzawo awiri aja pafupifupi ndi theka, makamaka chifukwa cha miyala yoyala ndi geti, koma sitinafukulepo mchenga, sitinagulenso matumba, ndipo mlandu ndi mudzi wakumunsi unatha. Ngati kalabu yanu ikufuna kuthirira dimba lalikulu mpaka Novembala pa kamtsinje kakang'ono, amisiriwa mudzakangana nawo, chifukwa adzakuuzani kuti madziwo sakukwana, ndipo adzakhala akunena zoona.

Mukamalemba nawo mgwirizano, simenti yonse mugule ntchito isanayambe, ndipo mulembe tsiku lomalizira ndi ndalama imene idzachotsedwe akachedwa. Gawo lomaliza la malipiro musunge mpaka damu litaona dzinja limodzi. Muwatengere kwa agogo a m'mudzi akawaonetse pamene madzi anafika chaka cha chigumula chachikulu. Akumunsi muwaitane pamsonkhano woyamba, asadzamve damu litamangidwa kale. Ife tinawaitana mochedwa, ndipo mayi wachikulire uja ndi amene anatikumbutsa kuti pampata pasakhale loko, amisiri asananene n'komwe pagulu.

Loweruka likubwerali tikukazula matabwa a geti, chifukwa mitambo yayamba kuunjikana kumapiri a Ntchisi ndipo lula yakhala pofiira masabata atatu. Amene akufuna kudzaona damuli ndi maso afike m'mawa, atenge nsapato zolowera m'madzi. Tidzayamba ndi kuponya chitsononkho, kuti tilembe m'kabuku madzi a chaka chino mvula isanawasokoneze.